Mchombo wa Sekani m'Dongo Lozizira

Ine Bennett ndaboola nthaka m'mayiko amene anzanga amangowaona pa mapu. Ndinayamba ndi khasu pa zitsime za kwathu ku Mchinji, ndinakumba ku Botswana, ndinafika mpaka kumpoto kwa Canada kumene ndevu zimauma gwa munthu akupuma. Lero ku Perth kuno, m'dziko la Australia, magalimoto okumba mijigo olembedwa dzina langa amathamanga kuchokera ku Mirrabooka mpaka ku Cannington. Koma dothi limene linaliza akazi anga linali laling'ono ngati ndimu.

Mwana wathu Sekani anabadwa malire atatsekedwa chifukwa cha kolona. Mchombo wake utagwa, mayi ake, Annastazia, anakana kuukwirira mumchenga wa kuno.

"Wanga uli pakhomo pa amayi ku Dowa," anatero. "Wa mwanayu upita komweko."

"Ndege kulibe, mayi a Sekani."

"Udikira."

Ndinawabweretsera dongo lonyowa limene ndinatulutsa pa mjigo wina cha ku Midland. Anaumba kampira, mchombo uli mkati, n'kukaika m'filiji yaikulu youmitsa zakudya ya m'galaja, pakati pa nkhuku ndi chigwada.

Miyezi inapita. Tsiku lina masana, dzuwa likufewetsa phula, ndinawapeza atakhala pansi m'galaja, akadali m'yunifomu ya kuchipatala kumene amagwira ntchito, kampira kaja kali m'manja. Kanali katachita ming'alu ponseponse, ndipo m'ming'alumo munkanyezimira.

"Malodza awa, bambo a Sekani. Dothi lingang'ambike lokha popanda wolikhudza? Kwathu kukumukana mwanayu. Basi, ndisungunule, ndikakwirire pansi pa mtengo wa mandimu apo, zithe."

"Dikirani kaye! Muli ndi mwamuna amene anagonapo pa dothi lotere chaka chathunthu."

"Mwayamba za Canada zanu."

"Ndayamba, ndipo lero muzimva."

Ndinakhala pambali pawo. Filiji inali yotsegula, nkhungu yoyera ikutsika pang'onopang'ono n'kumatikuta mapazi. Ndinakweza kampirako pa kuwala kwa pawindo.

"Kuja nthaka siisungunuka, chilimwe chimangonyambita pamwamba. Tikaboola, tinkatulutsa dongo lalitali ngati munsi, ndipo mkati mwake munali ayezi woyalana mizeremizere, wina wopyapyala ngati chikhadabo, wina wochindikala ngati njerwa. Mchenga suchita zimenezo, madzi amangouma pomwe ali. Koma dongo limagwira madzi ake mwamphamvu, moti ena amakana kuuma ngakhale kuzizire bwanji. Amenewo amakwawa pakati pa timbewu ta dothi, kulondola kumene kukuzizira, ngati nyerere zamva shuga. Akafika amauma, anzawo amabwera pambuyo n'kuuma pomwepo. Ayezi amakula, amakankha dongo, dongo limatseguka. Palibe amene wakukanani, mayi. Ndi madzi chabe akuyenda."

Maso awo anali pa nkhungu ija, ndipo ine ndinaona galaja yathu ikutambasuka. Makoma anabwerera m'mbuyo, mashini anga otchetchera udzu anamira m'chipale chofewa choyera, ndipo tinakhala awiriwiri pachigwa chopanda mtengo, dzuwa likuyenda chammbali osafuna kulowa. Pansi pathu madzi ankakwawa mwakachetechete, dontho kutsata dontho, monga akhala akuchitira anthu asanayambe kuwerenga zaka.

"Nanga zimene zili mkati?" anafunsa motsitsa mawu.

"Zimasungika! Ine ndi manja angawa ndinatola tsamba m'dongo la pansi penipeni, mitsempha yake yonse ikuoneka, ngati lathothoka dzulo. Nthaka imeneyo siitaya kanthu. Imadikira basi. Koma mukaisungunula imasanduka phala, ndipo zonse zimayamba kuola."

"Tsamba lija munati linali nthenga chaka chatha."

"Zinalipo zonse ziwiri."

Anaseka pang'ono, koyamba sabata imeneyo. Kenaka anatenga kampira kaja n'kusuzumira mumng'alu waukulu, diso limodzi atatsinzina. Pakatikati, kuseri kwa ayezi woyera ngati galasi, kachinthu kakuda kaja kanali phee, kopindika monga tsiku limene kanagwa.

"Ulipo," anatero.

Dontho linayamba kutsetsereka pa chala chawo. Anadzuka msanga, anatulutsa nkhuku ziwiri n'kundiponyera pamiyendo, anayala kansalu pakona ya pansi pomwe pamazizira kwambiri, n'kukhazikapo kampirako bwinobwino ngati akugoneka khanda.

"Nkhukuzi tidya lero. Malo awa ndi a Sekani mpaka ndege ziyambe."

Anatseka chivindikiro, koma sanachoke. Anagoneka khutu pamwamba pa filiji, maso ali chitsinzinire.

"Mukumvera chiyani?"

"Khalani chete, inu a ku Canada. Madzi akuyenda."

M'nyumba Sekani anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo ndinapita ndine, nkhuku zozizira zili m'khwapa.