Thireyi ya Abusa Peniamina

Fualosa sanali mayi wolekerera mwana. M'mudzi mwawo, pa chilumba cha Savai'i m'dziko la Samoa, aliyense ankadziwa kuti ana a kwa Aukuso sadya ataimirira, sadutsa pamaso pa akulu osawerama, ndipo belu la mapemphero a madzulo likamalira amakhala ali kale pamkeka, m'manja mosamba. Anyamata ake awiri anali atakula n'kupita kukagwira ntchito ku Apia, likulu la dzikolo. Pakhomo panatsala Sinalei, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene malamulo a amayi ake ankawadziwa pamtima.

Lamulo lina linabwera mochedwa, mwamuna wake Aukuso atadulidwa zala ziwiri za kuphazi chifukwa cha matenda a shuga. Fualosa anagona pansi m'chipatala milungu itatu akudwazika. Tsiku lotuluka namwino anamukokera pambali n'kumuuza mosabisa kuti bambowo akapitiriza nyama ya m'zitini ndi zakumwa zotsekemera, ulendo wina adzawadula pabondo. Atafika kunyumba Fualosa anasesa kabati yense. Kuyambira pamenepo pakhomopo pankadyedwa nsomba, koko wowiritsa, nthochi zaziwisi zophika ndi masamba.

"Mayi a Sinalei," Aukuso ankatero akuyang'ana m'mbale, "kodi ine ndinakwatira mkazi kapena namwino?"

"Munakwatira mkazi amene safuna kumakuikani m'manda pang'onopang'ono. Zala ziwiri zatsogola kale. Idyani."

Aukuso ankaseka n'kudya, ndipo phazi linapola.

Chakumapeto kwa Meyi amayi a mvano anakumana kuti akonze za phwando la tsiku la ufulu. Wapampando wawo anali Tauvela, mkazi wa mmodzi mwa mafumu, mayi wa mawu akulu amene ana ake anayi anali kunja, ku Auckland. Anawerenga zimene komiti inagwirizana: banja lililonse libwere ndi katoni ya nthiti za nkhosa za kusitolo, nyama ya m'zitini ndi kireti ya zakumwa.

Fualosa anadikira mpaka akulu onse atalankhula, kenako anapempha mwayi.

"Amayi, ine ndimati kwathu tibwere ndi nsomba ndi masamba a koko ophika mu mkaka wa kokonati. Abusa ali ndi bala kuphazi kuyambira Pasaka, ndipo tonse tikudziwa chimene chikulilepheretsa kupola."

"Masamba?" anatero Tauvela, akudzikupiza ndi chikupizo. "Pa tsiku la ufulu? Achemwali, abusa athu si mbuzi. Ngati pakhomo zavuta, ingonenani. Mpingo ulipo, tikuthandizani."

Amayi anaseka. Wina kumbuyo ananena kuti masiku ano Aukuso akamayenda m'mbali mwa msewu anthu amamuyesa mtengo wa magetsi chifukwa choonda, ndipo anasekanso. Fualosa anameza mawu. Munthu sabwezera wamkulu pamsonkhano. Anawerama potuluka monga mwa nthawi zonse, ndipo njira yonse yopita kunyumba ankalankhula yekha.

Kunyumba anapeza Sinalei akusita yunifolomu. Aphunzitsi anali atamusankha kuti adzanyamule mbendera poguba, ndipo a mvano anamusankhanso kuti adzaperekere chakudya kwa abusa. Nkhani ya kumsonkhano inali itamufika kale.

"Amayi, katoni imodzi yokha, tingoperekako ngati anzathu. Kusukulu akumanena kuti kwathu timadya ngati anthu amene namondwe wawagwetsera nyumba."

"Ukawauze kuti kwanu mumadya zimene Mulungu anadzala mu Samoa."

"Amayi, sangamve zimenezo."

"Ndiye usawauze kanthu. Sita kolala imeneyo bwino."

M'mawa wa pa 1 Juni Aukuso anapita kunyanja ndi ukonde dzuwa lisanatuluke, n'kubwera ndi nsomba zodzaza dengu. Fualosa anaziotcha pa miyala yamoto pamodzi ndi koko, masamba aja atawakulunga bwinobwino timitolo timitolo. Anaika zonse m'madengu awiri oluka kumene, n'kukazipereka kwa amayi ogawa chakudya kuseri kwa nyumba ya msonkhano.

Kuguba kunayenda bwino. Sinalei anali patsogolo, msana woongoka, mbendera ikuuluzika pamwamba pake, ndipo poimba nyimbo ya fuko Fualosa anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Agogo ake ankamuuza za masiku amene anthu a Samoa ankalamulidwa ndi alendo m'dziko lawo lomwe, ndipo iye sankaitenga nyimboyo ngati ya ana asukulu. Abusa Peniamina anapemphera atakhala pampando, phazi lokulungidwa nsalu litasanjikidwa pa kampando kena. Analalikira mwachidule kuti wokonda Mulungu amakondanso dziko limene Mulungu anamuikamo.

Kenako anthu analowa m'nyumba ya msonkhano. Mafumu anakhala pa mikeka atatsamira mizati yawo, abusa kutsogolo, amuna ena m'mbali, amayi kumbuyo. Fualosa anazungulira kuseri kuti akathandize kugawa, ndipo kumeneko n'kumene anaona madengu ake. Anali pansi, pafupi ndi mulu wa makatoni opanda kanthu, osatsegulidwa n'komwe, galu wina akuwanunkhiza.

"Izo ndi za ana, akadzamaliza akulu," anatero mayi wina osamuyang'ana.

Fualosa anathamangitsa galuyo, n'kuika madenguwo pa tebulo. Atasuzumira m'nyumba anaona Sinalei akuyenda chowerama, atanyamula thireyi imene Tauvela anaikonza ndi manja ake. Nthiti zinali mulu, mafuta oyera akuyenderera, pambali nyama ya m'chitini itakhuthulidwa yonse, ndi botolo lalikulu la zakumwa zofiira. Mwanayo anagwada bwino lomwe, monga anaphunzitsidwira, n'kuika thireyiyo patsogolo pa phazi lokulungidwa lija. Chapatali pang'ono mtsikana wina ankaika thireyi yofanana patsogolo pa Aukuso, ndipo Aukuso, amene sakanatha kukana pamaso pa mafumu, anali atatambasula kale dzanja.

Fualosa sanakumbukire kuti analowa bwanji. Anangopezeka akudutsa pakati penipeni pa nyumba, ali chilili, pamaso pa mafumu onse. Ananyamula thireyi ya abusa.

"Abusa, mundikhululukire. Izi simudya."

Sinalei anali chigwadire, maso ali pansi.

"M'mawa uno taimba nyimbo ya fuko," anatero Fualosa, mawu akutuluka okha. "Tati dziko lino ndi la Mulungu. Ndiye chakudya cha dziko lino mwachiika pansi kuseri, agalu azichinunkhiza, ndipo mtumiki wa Mulungu mukumupatsa mafuta amene eni ake nkhosa kunjako anawadula kuti asawadye iwowo. Timawagula ndi manja awiri, n'kumati ndi ulemu. Ine ndagonako m'chipatala muja. Bedi ndi bedi ndi munthu wa Samoa, bulangete litaphwa pamene panali mwendo. Palibe mlendo anabwera ndi mfuti kudzatidula miyendo imeneyo. Tikudulana tokha, pa thireyi, titagwada."

"Fualosa," anatero Tauvela kuchokera kumbuyo, mawu ali ozizira. "Mafumu ali pansi. Inu mwaima."

Apo m'pamene Fualosa anadziona. Anakhala pansi pomwepo, thireyi ili pamiyendo, mafuta akudonthera pa diresi lake loyera.

Abusa Peniamina anali munthu wofatsa, ndipo anamubatizira ana ake onse atatu.

"Mwana wanga, chimene mpingo wapereka ndi chikondi, m'busa sakana."

"N'chifukwa chake ndakana ineyo m'malo mwanu, Abusa."

Wina mwa mafumu anatsokomola. Abusa anauza Sinalei kuti akatenge nsomba za amayi ake, ndipo anapemphanso kuti thireyi ija ibwerere pamalo pake. Anadya nsomba pang'ono, anadyanso nthiti pang'ono, kuti pasakhale wokhumudwa. Chimenecho chinamupweteka Fualosa kuposa mawu a Tauvela. Aukuso yekha ndiye anakankhira thireyi yake kwa mnzake wa pambali, ndipo sanadye kanthu mpaka phwando linatha.

Kenako anabwerera kwawo. Atangolowa m'nyumba Sinalei anayamba kulira.

"Ine munandikwapula ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa ndinadutsa pamaso pa alendo osawerama. Lero inu mwadutsa pamaso pa mudzi wonse."

"Ukunena zoona," anatero Fualosa. "Ndalakwa, ndipo mawa ndikapepesa. Tipita limodzi, ukaone mmene munthu amapepesera."

Aukuso anakhala pamkeka n'kuyamba kumasula nsapato.

"Mukanawauza amayi busa mwakachetechete," anatero.

"Ndinawauza pa Pasaka. Anandiyankha kuti tiziwapempherera."

"Ndiye mwanditchukitsa ndithu. Mpaka ndidzafe ndidzakhala mwamuna wa mayi uja anawalanda abusa mbale." Anaika nsapatozo pambali. "Nsomba zija zatsalako? Ndili ndi njala."

M'mawa mwake Fualosa anavala zakutchalitchi, anatenga mkeka wabwino umene ankausunga, n'kupita ndi Sinalei kwa Tauvela. Anakhala pansi pakhomo, mutu uli chowerama, mpaka anawalowetsa. Anapepesa chifukwa choima pamaso pa mafumu, chifukwa cholankhula osapatsidwa mwayi, ndi chifukwa chochititsa manyazi amayi a mvano pa tsiku la dziko.

"Nanga mawu aja?" anafunsa Tauvela.

"Mawu aja, amayi, sindingawabweze. Ndikawabweza ndiye kuti ndanama pamaso pa mwana wanga."

Tauvela anadzikupiza ndi chikupizo.

"Inu simunaone zimene ine ndinaona. Amayi anga ankabisala kukhitchini m'busa akabwera, chifukwa analibe chomupatsa koma koko ndi mchere. Tsiku limene mchimwene wanga anatumiza katoni yoyamba kuchokera kunja, amayi anayenda m'mudzi muno mutu uli m'mwamba. Lero inu mukuti ndi poizoni."

"Amayi anu anamwalira ndi miyendo yonse iwiri, ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi," anatero Fualosa mofatsa. "Koko ndi mchere uja."

Tauvela analandira mkekawo, koma komiti inagamula kuti Fualosa asagwirenso ntchito yogawa chakudya mpaka Khirisimasi. Iye anavomera. Lamlungu lililonse ankakhala pa benchi lake, akuimba ndi mawu onse, ndipo akaona makatoni akulowa kunyumba ya abusa mapemphero akatha, mtima unkamuwira ngati tsiku loyamba lija.

Mu Ogasiti bala la abusa linada. Anawakweza sitima yapamadzi kupita nawo kuchipatala ku Apia, ndipo anabwerako patapita mwezi, mwendo utadulidwa m'munsi mwa bondo. Fualosa sanapeze chokondwera nacho. Atamva analowa kuchipinda n'kulira mokwiya, akufunsa Mulungu chifukwa chake anthu ake amamva zinthu mpeni ukadutsa kale.

Tsiku limene abusa anafika, amayi busa anatuma uthenga kuti Fualosa abwere. Anawapeza ali m'khitchini, atazingidwa ndi mphatso zimene anthu ankabwera nazo podzazonda wodwala. Zambiri zinali zitini ndi mabotolo.

"Achemwali, ine sindingakane zimenezi, mukudziwa," anatero amayi busa, maso ali otupa. "Koma kuphikira abusa ndakupatsani inu. Komiti inakuletsani kugawa kutchalitchi. M'nyumba muno komiti ndine."

Chakumasana kunabwera Tauvela yekha, atanyamula dengu. Fualosa anamulandira pakhomo atakhala pansi, ndi mawu onse aulemu. M'dengumo munali nsomba zaziwisi zisanu, zokolezedwa bwino, ndi mtolo wa masamba. Pansi pa masambawo panali chitini chimodzi chachikulu.

"Nsombazo ndi za abusa," anatero Tauvela. "Chitinicho n'choti anthu asanene kuti mkazi wa mfumu anabwera chimanjamanja."

"Zikomo, amayi. Nsomba adya lero lomwe."

"Nanga chitinicho?"

"Chikhala pa shelefu pomwe aliyense wolowa azichiona."

Tauvela anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anavula nsapato n'kulowa kukaona wodwala. Fualosa anaitana Sinalei kuti abweretse mpeni ndi beseni, ndipo awiriwo anakhala kuseri kwa khitchini n'kuyamba kupala nsomba.