Mawu a Regina pa Njira Zitatu

Nason anali munthu wogawa zinthu mofanana mpaka kunyanya. Malemu mkazi wake, Regina, ankamuseka kuti bambo ameneyu ngakhale nthochi angaidule ndi rula. Tsopano womuseka panalibe. Ankakhala yekha m'nyumba ya aphunzitsi ku Vubwi, ndipo Loweruka pasukulupo pankangoti zii.

Sukulu yake ndi zina ziwiri zinkasungira pamodzi maphunziro ojambulidwa. Fayilo iliyonse inkadulidwa zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chinkasungidwa pa makompyuta awiri mwa atatu: ya ku Katete, ya ku Sinda ndi ya ku Vubwi. M'mafayilomo munali mawu a Regina akuphunzitsa ana a giredi wani kuwerenga. Kwina kulikonse mawu akewo kunalibe.

Mphezi itawotcha kompyuta ya ku Katete, zidutswa zina zinatsala ku Sinda kokha. Loweruka lina masana Josephat, woyang'anira ya ku Sinda, anaimba foni.

"Aphunzitsi, disiki ya kompyuta yathu yayamba kugogoda, yatsala pang'ono kufa. Kokani zanu lero, mawa sindikulonjeza."

Nason sanachedwe. Anathamangira m'kalasi momwe munali kompyuta. Njira zofikira pa intaneti anali nazo zitatu, dishi ya padenga ndi mamodemu awiri a simu, ndipo monga mwa khalidwe lake anazigawira katundu mofanana: chidutswa ichi kwa iyi, chinacho kwa iyo, mosinthana, pasakhale yodandaula. Ngati kuti modemu ili ndi nsanje!

Dishi inkamaliza gawo lake n'kukhala chabe. Modemu yoyamba inkayesetsa. Koma yachiwiri, ya pawindo loyang'ana kumalire, inkangothawira ku netiweki ya ku Malawi, kuduka, kubwerera, kudukanso. Zidutswa zake zinaunjikana pamzere. Nason ankaona zonsezi koma anangoti ipirira, ifika. Dzuwa linapendeka iye akadali pampando womwewo, thukuta kamukamu, wopanda womufunsa nzeru.

Josephat anaimbanso. "Bwanji zikukwawa chonchi? Mwagawa bwanji katunduyo?"

"Mofanana."

"Aa, aphunzitsi, inu mwana wa mlimi. Ng'ombe yodwala mumaikoketsa mofanana ndi yamphamvu? Uzani kompyuta iziona njira yomwe yapepukidwa, iziponya kumeneko."

Nason anachita manyazi. Anasintha kagawidweko, ndipo dishi inayamba kumeza zidutswa zija mofulumira. Zinali zitangodutsa theka pamene zonse zinaima.

"Kompyuta yathu yazima," anatero Josephat. "Pepani kwambiri." Foni inaduka.

Nason anaika foni pansi. Kunja mbuzi zinkadya makoko a mtedza pabwalo la mpira. Kenako anatsegula fayilo ya phunziro loyamba, imodzi mwa zomwe sizinathe kufika.

Mawu a Regina aja anadzaza kalasi yonse, omveka bwino, ndi kuseka kwake komwe kuja. Anamusowa mkazi wake kuposa tsiku la maliro.

"Ana inu, tiyeni tonse pamodzi," anatero Regina. "A, e, i..."

Pamenepo panayenera kukhala chidutswa chomwe modemu ya pawindo ija sinabweretse. Sipika inangokhala chete, kachizindikiro kakuyendabe pa sikirini. Nason anayang'ana madesiki opanda anthu.

"O, u," anayankha yekha, n'kudikira kuti Regina abwerere.