Chimbudzi Chodikira Riboni

"Alamu, tsegulani. Sindichedwa."

Amake mapasa anaima pakhomo pa chimbudzi chatsopano cha pamsika, miyendo ataipanikiza pamodzi. Mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, anali pampando wapulasitiki, makiyi akulendewera palamba. Khonsolo inali itangomulemba ntchito yolondera chimbudzicho, ndipo chivalireni yunifolomu ankayankhula ngati akuwerenga chilengezo.

"Sichinatseguliridwe, alamu. Riboni idulidwe kaye."

"Adula liti?"

"Akasankhidwa wapampando wa khonsolo. Makhansala sanagwirizanebe."

"Ndiye chikhodzodzo changa chidikire makhansala?"

"Ine ndimangotsata zomwe ndauzidwa. Mukufuna andichotse ntchito?"

Chimbudzi chakale a zaumoyo anachigwetsa mvula itangoyamba, ati chimabweretsa kolera. Chinali chonyansadi, palibe angatsutse, koma chinali ndi chitseko. Chatsopanochi chinamangidwa msangamsanga: penti yabuluu, matailosi, mpopi wosambira m'manja. Kenako loko. Pambuyo pake galimoto ya khonsolo inazungulira ndi chimkuzamawu, ikulengeza kuti wopezeka akudzithandiza kuseri kwa msika alandidwa benchi.

Amuna sizinawavute, khoma lililonse ndi lawo. Azimayi anangosiya kumwa madzi, tsiku lonse padzuwa milomo ili gwa. Koma amake mapasa, chibadwire ana awiri aja, thupi lawo silinkadziwanso kudikira. Kungotsokomola, kungoseka, zinkavuta. Ndipo zimenezi si zofotokozera mlamu.

Anabwerera pabenchi pawo pa tomato akuyenda timasitepe tating'ono. Mnzawo wogulitsa anyezi, yemwe msika wonse unkamutcha Wailesi chifukwa pakamwa sipankatsekeka, anawaona nkhope.

"Wakana?"

"Wakana."

"Munthu woti yunifolomuyo mumamuchapira ndinu! Pitani kuseri, asisi, tomato ndikuonerani. Wa zaumoyo ndamuona kwa ogulitsa nyama uko, akuyeza chiwindi ndi mano."

"Musandiseketse inu, zinditayikira pompano."

Anazungulira kuseri kwa chimbudzi chatsopanocho, pomwe panali udzu wautali ndi njerwa zotsala. Atangonyonyomala anamva nsapato.

"Mayi inu!"

Anali wa zaumoyo, mwana wa dzulodzuloli, atavala chovala choyera chofika m'mawondo. Sanatembenuke. Sanayang'ane kumbali ngakhale pang'ono. Anangoima mpaka mayiwo anaimirira n'kukonza zovala zawo, ndipo atayamba kuyankhula anakweza mawu kuti afike kwa ogulitsa mapoto.

"Anthu ngati inu ndi amene mukutipha ndi kolera! Manja omwewo mukagwire tomato wa anthu?"

"Mwananga, undiuze kopita, ndizipita kumeneko."

"Sindine mwana wanu. Kwanu kulibe chimbudzi?"

"Kwathu n'kutsidya kwa mlatho. Ndizisiya katundu n'kukwera basi nthawi iliyonse ndikafuna kutaya madzi?"

"Zimenezo mukawauze a khonsolo."

"Inuyo si a khonsolo?"

Wa zaumoyoyo anawatsogoza mpaka pabenchi, anthu akuimirira kuti aone bwino. Anatulutsa kabotolo ka penti yofiira n'kulemba chimtanda pathabwa pomwe amake mapasa ankagulitsapo kuyambira ali ndi pakati pa mapasawo. Wailesi anayesa kupepesa, anayesa kunyengerera, mpaka anamutcha dokotala. Sizinathandize.

"Pasulani. Ndikabwerera pano ndisakupezeni."

Amake mapasa sanalire. Analibe nthawi. Anayamba kulongedza tomato m'beseni, wolimba pansi, wofewa pamwamba. Ali mkati molongedza, Wailesi anawakodola ndi chigongono.

"Taonani uko."

Wa zaumoyo uja anali ataima kwa mlamu. Mlamu anadzambatuka pampando, anapereka sawasha, loko n'kutseguka. Mnyamata wa chovala choyera analowa. Msika unali utakhala chete moti madzi ogejemulira anamveka bwinobwino. Anatuluka akupukuta manja ndi kampango.

"Aa, riboni yadukatu!" anakuwa Wailesi. "Nanga oimba ali kuti?"

Ena anaseka chapansipansi, koma anasiya msanga. Aliyense anali ndi benchi yake yoti aiganizire. Mlamu anatsekanso loko, maso ali pansi, ndipo amake mapasa anadutsa pafupi naye beseni lili pamutu osamuyang'ana.

Dzuwa likupendeka mlamu anafika kunyumba, komwe ankagona pabalaza chibwerereni kudzafuna ntchito. Anapeza chikwama chake pakhonde, bulangete atalipinda pamwamba, nsapato zake zina zili pambali. Mkulu wake anali chilili pakhomo akukanda m'mutu.

"Amake mapasa, tiyeni tikambirane bwinobwino. Uyu ndi mng'ono wanga. Akagona kuti?"

"Ali ndi nyumba ya matailosi. Makiyi ali nawo."

"Alamu, mundimvetse," anatero mlamu. "Uja ndi bwana. Ndikanatani ine?"

"Mukanatani? Mukanayang'ana kumbali kamphindi, basi. Ndakuphikirani, ndakuchapirani, mutadwala malungo ndowa ndinkataya ndine. Sindinakufunseni kuti wapampando wasankhidwa kapena ayi."

"Mkazi wanga, anthu atiseka."

"Andiseka kale, msika wonse. Inu munalipo? Kaya mumuperekeza, kaya mutsala, zanu zimenezo. Ine ndikukasambitsa ana."

Analowa m'nyumba. Panja amuna awiriwo ananong'onezana kanthawi, kenako geti inalira, mlamu akutuluka ndi chikwama chake.

M'mawa mwake amake mapasa anayala chiguduli panja pa geti yawo n'kuunjika tomato timilutimilu. Mapasa anakhala pambali pawo, akudabwa kuti lero amayi sanapite. Mumsewu wawo munkadutsa mbuzi zambiri kuposa anthu. Pofika masana tomato wapansi anali atayamba kutuluka madzi. Anayamba kumusankha mmodzimmodzi, wovunda akuponyera nkhuku.