Khomo la a Sizisintha

Bokosi linakana kulowa m'tchalitchi. Amuna amene analinyamula anafika nalo pakhomo, kwaya ili pambuyo ikuyimba mwachifatse, ndipo linangoti gu! pa njerwa za mbali zonse ziwiri. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyesanso. Gu! Nyimbo inayamba kuzilala, wa besi yekha ndiye anapitiriza mpaka mnzake anamugunda ndi chigongono.

Mayi Telala, akazi a malemuwo, anaima pamenepo atagwiriziridwa ndi ang'ono awo, ndipo misozi imene inkatsika chiyambire m'mawa inangouma. M'malo mwake munabwera mkwiyo, mkwiyo wakalekale womwe ankaudziwa bwino. Koma bambo awa! Ngakhale atagona chagada m'bokosi, nkhani ikhalebe ya khomo lomweli?

Amuna awowo anthu ankawatchula a Sizisintha, ndipo dzinalo sanalitole panjira. Tchalitchicho anamanga ndi bambo awo pamodzi ndi anzawo, kalekale msewu usanafike. Njerwa anaumba okha n'kuotcha okha, makoma n'kuwakhuthalitsa moti mwana amatha kugona pazenera osagwa. Mazenerawo ndi aatali, opapatiza, osongoka kumwamba. Mitanda ya kudenga inada bii ndi ukalamba, guwa ndi lokwera masitepe, mabenchi alibe potsamira. Zonsezo Mayi Telala analibe nazo mlandu. Mlandu unali khomo. Akuluakulu aja anayamba ndi chitseko, thabwa limodzi lochokera mu mtengo umodzi, kenako n'kumanga khomo molingana ndi thabwalo, njerwa zapamwamba n'kuzipinda ngati uta. Anthu amapima chitseko pa khomo, iwo anapima khomo pa chitseko. Ndiye munthu wathupi ankalowa chammbali atapana mimba, ndipo kakhomo ka kuseri kwa guwa ndiye osanena, n'kochepa kuposa pamenepo.

Tsono Mayi Telala ntchito yawo inali yosoka madiresi a ukwati. Munthu uvutike pamakina mpaka msana kuwawa, diresi litambalale bwinobwino, ndiye pa tsikulo mkwatibwi alifunyize m'manja, lesi n'kukodwa pa njerwa, kwee. Ndipo palibe banja ndi limodzi lomwe limene linatulukamo litagwirana mikono: mkwati patsogolo, mkwatibwi pambuyo, ngati akuchokera kumunda. Chaka ndi chaka mayiwo ankaimirira pa msonkhano wa mpingo kupempha kuti khomolo alikuze, ndipo chaka ndi chaka mkulu wa mpingo woimirira kukana anali mwamuna wawo yemwe. "Amene anamanga pano sanali opusa," ankatero n'kukhala pansi. Mkangano unkapitirira panjira, n'kukafika kunyumba, mpaka nkhuku kulowa m'khola.

Za maliro sizinkavuta, chifukwa kalipentala wa kumeneko ali ndi kamtengo kodulidwa pa muyezo wa khomolo, ndipo bokosi lililonse amakhoma moyang'ana kamtengoko. Koma mwana woyamba wa malemuwo, amene abale ankamutcha Bwana chiyambire ntchito m'tauni, anati bambo ake sangapite m'matabwa a kalipentala. Anabwera ndi lake pagalimoto, lonyezimira, la zogwirira zooneka ngati golide, lotambalala moti mukanagona awiri. Dzulo lake akulu a mpingo analizungulira, kulisisita, kuyamikira kuti kubala n'kumeneku. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu yonse ija, imene imalowa pakhomo limenelo Lamulungu lililonse, panalibe ndi umodzi womwe umene unaganiza.

Ndipo a Sizisintha ankayenera kulowa basi. Ali pamphasa, mawu atayamba kuchepa, anapempha chinthu chimodzi chokha: "Mudzandigoneke patsogolo pa guwa. Musadzandipempherere panja ngati mlendo." Akazi awo anavomera, ndipo iwo akavomera chinthu amakhala avomera.

"Tichotse zogwirirazi," anatero Bwana, thukuta likuyenderera m'khosi.

Wina anatulutsa mpeni, anazimasula chimodzichimodzi n'kuziunjika pa udzu. Linakanabe. Kenako ananyamula chitseko kuchichotsa pa mahinjesi ake n'kuchitsamiritsa kukhoma. Anayesanso, n'kupeza kuti pakuchepabe malo a zala ziwiri. Ana anali atayamba kukwera m'mitengo kuti aone bwino, ndipo amayi a kwaya anali kubisa nkhope m'mabuku a nyimbo.

"Tikalipendeketsa lilowa," anatero mmodzi wa akulu aja.

"Mupendeketse ndani?" anafunsa Mayi Telala. "Mwamuna wanga si kabati."

Abusa, munthu wofatsa amene anali asanazolowere mpingowo, anayandikira akupotokola manja. "Mayi, mthunzi uwu ndi wabwino. Mulungu amamva ngakhale panja. Titulutse mabenchi angapo..."

"Abusa, za Mulungu mukudziwa ndinu. Za bambo awa ndikudziwa ndine. Alowa."

Apo m'pamene Bwana anakodola mmisiri womanga nyumba amene anali m'gulu la olira. Mmisiriyo anathamangira kwake n'kubwera ndi hamala ndi tchizulo, tayi ali m'khosi. Anagogoda khoma, kuyang'ana uta wa pamwamba, n'kunena kuti si ntchito yovuta: achotsa mzere umodzi wa njerwa mbali ya kumanja, achirikiza pamwamba ndi mtengo, ndipo maliro akatha adzagumula zonse n'kuika khomo lalikulu la simenti, la zitseko ziwiri, loti anthu atatu kulowa limodzi.

Anthu onse anatembenukira kwa Mayi Telala, ndipo chimene chinawanyansa n'chakuti nkhope zinali zomasuka, ngati akuwapatsa mphatso. Akulu a mpingo omwe aja, amene chaka ndi chaka ankaimika manja kumbali ya a Sizisintha, anali kugwedeza mitu kuvomereza. Munthu sanalowe n'komwe m'manda, iwo asintha kale.

"Achemwali," ananong'ona ang'ono awo, "si izi mwakhala mukulirira zaka zonsezi? Zabwera zokha."

Zinabweradi zokha. Mayi Telala anaona m'maganizo mwawo mkwatibwi akutuluka atakoleka mkono kwa mwamuna wake, diresi likukhwekhwereza lonse, lesi ili yamphumphu. Ankazifuna zimenezo, ndipo sanasiye kuzifuna. Koma kupambana kwa mtundu wanji kumeneku, mnzako atatsekedwa pakamwa ndi chivundikiro? Iwo ankafuna kuti tsiku lina bambowo adzaimirire pa msonkhano, adzakande mutu n'kunena kuti, "Akazi angawa akunena zoona." Izi ndiye zinali zakuba, ndipo wogumula khomolo akanakhala a Sizisintha eni ake, ndi bokosi lawo, popanda kuwafunsa.

Mmisiri analoza tchizulo pamsoko wa njerwa n'kumenya kamodzi. Kafumbi kofiira kanagwera pa nsapato zake.

"Siyani, bambo."

Hamala inaima m'malere.

"Amayi," anatero Bwana, "dzuwa likukwera, anthu atopa. Si inu nomwe munkati khomo ili..."

"Ndikudziwa zimene ndinkanena, wafa si ine. Ndipo ndidzanenanso pa msonkhano. Koma lero njerwa siichoka ndi imodzi yomwe."

"Ndiye titani? Panja mwakana, kupendeketsa mwakana, kugumula mwakana."

Zoona, Mayi Telala anali atakana zonse. Anamva manyazi, anamva kutopa, anafuna kungokhala pansi pa dothi n'kuvula nsapato zimene zinkawapana. Anakwiyira mwana wawo ndi bokosi lake, akulu a mpingo ndi mitu yawo, apongozi awo amene anamanga khomo la mbewa, ndipo koposa onse anakwiyira wogona m'bokosiyo. Koma wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Poyang'ana kumbali kuti anthu asawaone m'maso, anaona chitseko chija chili chotsamira kukhoma, chakuda, chosalala ndi manja a anthu. Chinatuluka pakhomo pomwepo, ndiye chikanalowanso pomwepo.

"Tsegulani bokosilo. Muwagoneke pa chitseko."

Panali phokoso la anthu olankhula motsitsa onse nthawi imodzi. Bwana anayandikira mpaka kukhutu kwa mayi ake.

"Amayi, chonde. Anzanga a kuntchito abwera. Anthu atiseka."

"Akuseka kale, mwananga, sukuwaona a kwayawo? Bokosi lako ndi labwino, akagonamo kumanda. Lidikire panja pano."

Sanadikire kuti wina avomere. Anaitana amayi anzawo, ndipo anatambasula nsalu zawo kuzungulira bokosilo kuti ana a m'mitengo asaone. Amuna anagoneka chitseko pa mabenchi awiri, Mayi Telala n'kuyalapo nsalu yoyera ya patebulo la mgonero imene abusa anabweretsa okha osauzidwa. Kenako anatsegula chivundikiro. Matenda anali atawamaliza a Sizisintha. M'bokosi lonse lija munali kamunthu kochepa, m'suti yakuda yowakulira, kwinako kuli nsalu zonyezimira zokhazokha.

Bwana ndiye anawanyamula kumutu, ndipo atamva kupepuka kwa bambo ake anayamba kulira ngati mwana, osasamalanso za anzake a kuntchito. Anawagoneka pa chitseko, mayi ake n'kukonza kolala imene inapindika. M'mbali munalibe malo a onyamula, choncho Bwana anagwira kumutu, mng'ono wa malemu n'kugwira kumiyendo. Wa besi uja anayambitsanso nyimbo, ulendo uno osagundidwa. Bwana anayenda chammbuyo pang'onopang'ono, ndipo a Sizisintha anadutsa pansi pa uta wa njerwa mosakhula paliponse.

Wotsatira anali Mayi Telala, okha, popeza ang'ono awo sakanatha kuwagwiriza pakhomo lotere. Ataponda pa sitepe anazindikira kuti umu ndi mmene ankalowera chikwatirane: bambowo patsogolo, iwo pambuyo akung'ung'udza kumsana kwawo za khomo, bambowo n'kuyankha osacheuka kuti, "Tafika m'nyumba ya Mulungu, mayi, zitsale panja." Pakamwa panayamba pokha monga mwa masiku onse.

"Mwaona zimene khomo lanuli latichita lero," anatero motsitsa. "Ndinkanena ine."

Anaima pamenepo pakati pa makoma awiri, mapewa akukhudza njerwa uku ndi uku, kudikira. Kutsogolo kunkangooneka nsapato zakuda za amuna awo zikupita kuguwa. Mkwiyo unawathera, ndipo anausowa, chifukwa chotsalacho chinali chisoni chokhachokha. Analira mokweza atagwira khoma, ndipo mpingo wonse unaima pambuyo pawo padzuwa mpaka atatha, popeza panalibe pena polowera gulu lotere.