Ufa Sudikira Ameni

Abwana anandilonjeza ukapitao wa pa ng'anjo anthu akumva. Anati gudumu la lamba loyesera likatha miyezi iwiri pa chigayo cha Mayi a Zigayo osadyeka, mayiwo atipatsa ntchito ya magudumu a zigayo zawo zonse zisanu ndi ziwiri, ndipo ine ndikhala kapitao. Zaka zinayi ndakhala ndikusungunula mapisitoni akale mu shedi imeneyi, nsidze zanga zinathera momwemo, koma m'buku la antchito ndinali "wothandizira". Kuthandizira ndani? Analipo wina wodziwa kuthira chitsulo?

Ntchitoyi ndinaiphunzira ndi zipsera, kuonjezerapo buku lopanda chikuto lomwe ndinatola m'galimoto yophwasulidwa. Aluminiyamu wa mapisitoni amakhala ndi silikoni, ndipo ndi amene amalimbitsa chitsulocho. Vuto ndi loti chikamazizira, silikoniyo amauma ngati tisingano. Lamba akamakhula gudumu, tisinganoto timathothoka n'kuyamba kupala gudumu lomwelo. Mankhwala ake ndi ufa wa sodiyamu. Ukauthira mu mphika, silikoni amauma ngati timaulusi tosalala, gudumu n'kukhalitsa. Koma ufawo ndi mame. Mphindi makumi awiri zikadutsa usanathire chitsulocho m'chikombole cha mchenga, mphamvu yake yauluka.

Tsiku lothira, abwana anaitana Mayi a Zigayo kuti adzaone ndi maso. Anabweranso ndi mlongo wa akazi awo, amene tonse timangoti Alamu. Alamu ali ndi satifiketi ya kosi ya masabata awiri, zikhatho zofewa ngati za khanda, komanso mphatso ya kupemphera.

Ndinathira ufa, n'kutakasa, n'kuyengula zoyandama pamwamba.

"Zakonzeka, abwana."

Abwana anakweza dzanja. "Tiyambe tapereka ntchitoyi kwa Mwini wake. Alamu, titsogolereni."

"Abwana, ufa walowa kale."

"Iwe Tsabola, ufa ndi Mulungu wamkulu ndani?"

Funso lotere limayankhidwa bwanji? Onse anatsinzina. Ine maso anali pa wotchi ya pakhoma.

Alamu anayambira pa chilengedwe cha dziko. Mphindi zisanu ndi zitatu zitatha, anali akuthokozera ana a abwana mmodzimmodzi, ndi makalasi awo omwe. Itakwana mphindi ya khumi ndi chinayi anafika pa odwala ndi a paulendo. Kenako anati "pomaliza", ndipo aliyense wowadziwa akudziwa kuti "pomaliza" wawo amakhala atatu.

Ndinagwira chopanira, n'kunyamula mphika, n'kuthira. Mchenga unalira kuti tsiii, utsi uli tolotolo. Mayi a Zigayo anatsegula diso limodzi, kundiyang'ana mpaka chikombole chitadzaza, n'kutsekanso. Alamu anangokweza mawu kuti apose phokosolo.

Ameni atamveka, abwana anapeza mphika uli wopanda kanthu.

"Wathira chitsulo anthu ali chitsinzinire? Unaleredwa kuti iwe?"

"Pemphero sindinalidule, abwana. Ndimangogwira ntchito pambali."

"Mlongo," anatero Alamu mofatsa, kufatsa kwake kokupsetsa mtima kuja, "ku kosi anatiuza kuti chitsulo chimafuna kudekha."

"Ku kosiko munaugwirako mphika, kapena munangouona pa chithunzi?"

Apo ndiye ndinaputa mavu. Abwana analamula kuti pathiridwe gudumu lina, mwadongosolo, Alamu akuyang'anira. Ndinasungunulanso, n'kuthiranso ufa. Alamu anayambiranso pa chilengedwe, poti pemphero loyamba lija linali litasokonezedwa. Mphindi makumi atatu ndi zisanu. Atatha anandikodola ndi chala ngati woimbitsa kwaya, ine n'kuthira chitsulo chomwe ndinkadziwa kuti chafa kale. Manja anali angabe, chifukwa Alamu msana umawavuta.

Mawa lake abwana anatenga tchizulo n'kudinda chizindikiro pa gudumu loyamba lija. "Kuti lachipongweli lizidziwika," anatero. Ankafuna kuliponya ku zosungunulanso, koma Mayi a Zigayo anakana.

"Zigayo ndili nazo zambiri, bambo. Onse awiri akagwire ntchito. Lamba sadziwa zachipongwe."

Ine ananditumiza kosefa mchenga. Miyezi iwiri ndili ndi sefa m'manja, ndikumvera Alamu akuphunzitsa anzanga kuti chitsulo chimamva ulemu. Masiku amenewo ndinathyola masefa awiri, ndipo sindinganame kuti anathyoka okha.

Mayi a Zigayo anabwera Lachiwiri m'mawa, n'kugwetsa magudumu onse awiri pa benchi. Lina linali litadyeka mu ngalande yodutsa lamba, moti chala chimalowa, fumbi lakuda lili mbuu. Linalo linangowala pomwe lamba amakhula, basi.

Abwana ananyamula labwinolo akumwetulira. "Mwaona, Alamu? Zinthu zochita mwadongosolo." Analitembenuza kuti aonetse kuseri, ndipo chizindikiro cha tchizulo chawo chomwe chinawayang'ana m'maso.

Ine ndinaseka, ndipo ndinaseka moipa.

Alamu anatenga gudumulo, kuliyang'ana uku ndi uku, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene waona zomwe ankayembekezera.

"N'zomveka," anatero. "Ili linathiridwa pemphero lili m'kati. Mawu analowera limodzi ndi chitsulo. Linalo tinalakwitsa, tinathira Ameni atadutsa kale."

Nkhope ya abwana inawala ngati munthu amene wapeza chenje m'thumba la buluku lakale. "Eyaa! Ndimadabwa ine."

Ndinatola hamala n'kumenya m'mphepete mwa gudumu lodyekalo. Linabenthuka kamodzi kokha. Pobenthukapo panali ponyezimira, pokhakhala.

"Onani apa! Tisingano timeneti ndi timene tadya gudumu lanu. Ufa unatha mphamvu inu muli pa odwala ndi a paulendo. Si pemphero ayi, ndi wotchi!"

Abwana anasuzumira. "Singano zake ziti? Ine ndikuona chitsulo."

"Za singano kaya za pemphero, izo ndi zanu," anatero Mayi a Zigayo akupukuta m'manja. "Ine ndikufuna asanu ndi awiri onga ili. Wothira akhale mtsikana yemweyu. Ndinamuona ndekha."

"Mumatsinzina paja, mayi," anatero Alamu.

"Diso linalo."

Mayiwo atachoka, abwana anandiitanira mu ofesi, Alamu atakhala kale pa mpando wabwino uja.

"Ine mawu anga sabwerera, Tsabola. Kuyambira lero ndiwe kapitao wa pa ng'anjo."

Ndinadikira, chifukwa abwana akayamba ndi uchi, njuchi zimakhala zili m'mbuyo.

"Koma taona kuti chinsinsi cha katundu wathu chili ndi Alamu. Ndiye iwo akhala mkulu woona za ubwino wa katundu. Kapitao aziyankha kwa iwowo. Ndipo chitsulo chizithiridwa pemphero lili m'kati, osati lisanayambe, osati litatha. Nthawi yeniyeni uzisankha wekha, poti iwo amakhala atatsinzina."

"Ndiye kuti ine ndizipsa, iwo azitsinzina, koma posaina pakhale dzina lawo?"

"Aliyense ndi mphatso yake, mlongo," anatero Alamu.

Mawu anadzaza m'kamwa, ena oti sangalembedwe. Ndinawameza, chifukwa ndinaona kuti kwa nthawi yoyamba palibe amene adzandiletse kuthira pa nthawi yake, ndipo wondiyang'anira azikhala wosaona.

Ndinafunsa ngati ukapitao umabwera ndi magolovesi atsopano. Abwana anati afunsa Alamu.