Mfundo za Udzu pa Dimba la Revubwe

Laurentina anabwerera kuchokera ku Malawi ndi mwana kumsana, khasu limodzi, ndi mtima wake wapachala uja. Zaka zisanu ndi ziwiri za kumsasa wa othawa nkhondo sizinamuiwalitse dimba la atate ake m'mbali mwa Revubwe, kumtunda kwa Moatize, limene pothawa anasiyira mlongo wake Raúl. Chigwa chonsecho chinali cha madimba kuyambira makolo, Anyungwe kumunsi, Anyanja kumtunda, aliyense akudziwa malire ake.

Galimoto itamutsitsa pamsewu wa Zóbuè, sanayambe wafika kumudzi kukalonjera anthu. Analunjika kumtsinje.

Anapeza dimba litamera thengo, ndipo apa ndi apo udzu unali womangidwa mfundo. Anapsa mtima. Kuyambira kale, womanga mfundo paudzu amakhala akunena kuti pano ndilima ndine. Ndani ameneyo, eni ake ali moyo? Analowa akumasula imodziimodzi, uku akulalata.

"Ima pomwepo! Usasunthe phazi!"

Anali a Zacarias, mnzawo wa atate ake, ataima pamtunda ndi ndodo ziwiri. Mwendo umodzi wa buluku lawo unali wopindidwa pabondo.

"Mwana wa Adriano, mfundozo si za munda. Masiku ano timamanga pamene pali mina. Ankhondo anakwirira mabomba njira zonse zopita kumadzi."

Laurentina anaima pomwepo. Atacheuka, udzu unali utatseka njira yake, ndipo zizindikiro anali atazimasula yekha. Mwana anayamba kulira ndi kupalapata kumsana, iye n'kuopa kuti amupendamitsa.

"Titiyo Zacarias, ndafa ine!"

"Sunafe. Bwerera chafutambuyo. Yang'ana pamene udzu wathyoka, uponde pomwe unaponda."

Phazi lililonse ankalitsitsa ngati akuponda mazira. Mantha otere sanawaonepo, ngakhale tsiku lothawa lija. Dzuwa linafika paliwombo asanatuluke, pamtunda woti nkhuku imadutsa mosapuma.

Atafika pa a Zacarias anangoti khwithi pansi, nakumbatira mwana wake. Mpweya utabwerera, ukali unabwereranso.

"Nanga Raúl angalekerere dimba chonchi? Osalemba ngakhale kakalata kondichenjeza?"

A Zacarias analoza ndi ndodo kadzenje komera maungu, mapazi awiri kuchokera pamene iye anaima paja.

"Raúl anali apo pamene mina inamuphulikira. Mwendo wangawu ndinausiya pokamutenga. Mfundo wamasulazo anamanga anzathu pochokera kumanda ake."