Loko wa Ndiyambe-ine

Ovolosi ya malemu kapitawo inali idakali pamsomali, kuseri kwa chitseko cha fakitale ya sopo. Chaka chinali chitatha, koma palibe anaikhudza.

Ankamutcha Ndiyambe-ine, chifukwa chigayo chosakanizira sopo chikakakamira sankatuma munthu. Ankazimitsa magetsi, kukhoma loko wake paswitchi, kiyi m'thumba, n'kulowa yekha. Tsiku limodzi lokha anabwereketsa loko uja kwa mnzake, n'kulowa wopanda. Amene anayatsa switchi, osadziwa kuti mkati muli munthu, anali wachiwiri wake, mayi amene onse ankawatcha Achemwali.

Tsopano Achemwali ndiwo ankatsogolera ntchito yosamutsira chigayocho kuholo yatsopano. Mmawa umenewo panatsala mabawuti asanu ndi limodzi, onse a mkati. Panafunika munthu woti alowe.

Bambo a mapasa, makaniko, anali atayamba kale kupinda malaya.

"Ndilowe ine, Achemwali. Ndaonda ngati mpini wa tsache, mapasa andimaliza."

"Mukakakamira tikudulani timapisi, tikugulitseni," anatero wowotcherera zitsulo. "Koma thovu simungatulutse, achimwene."

Anthu anaseka. Achemwali sanaseke. Ankayang'ana chibowo chakuda cholowera m'chigayomo. Chichitikireni ngoziyo anali asanachiyandikirepo. Ankachizungulira patali ngati manda.

Anapita kuseri kwa chitseko, napisa dzanja m'thumba la ovolosi. Loko analimo, momwe mnzake uja anamubwezera ngozi itachitika, wozizira, kiyi ali pomwepo. Anamukhoma paswitchi, namukoka kawiri.

"Ndipatseni sipanala. Ndiyambe ine."

Mawuwo anangotuluka okha.

Mkati munkanunkha sopo wakale ndi dzimbiri. Tochi inawala pakhoma lachitsulo, ndipo anaona timizere tambirimbiri tokanda ndi msomali, kamzere kamodzi ulendo uliwonse umene malemu analowamo m'malo mwa wina. Komalizira kanali kosatha. Chitsulo chikangoti tswa, Achemwali ankagwira kiyi m'thumba.

"Ndaima paswitchi pano, Achemwali!" anakuwa bambo a mapasa. "Ngakhale ntchentche sitera!"

Bawuti lomaliza litamasuka, anatenga nsonga ya sipanala n'kumaliza kamzere kaja. Kenako anakanda kena pambali pake.

Atatuluka, loko anamukoleka palamba wawo. Ovolosi anaisiya pamsomali. Inkagwedezeka pang'ono, ngakhale chitseko chinali chotseka.